Utsi pansi pa mpando wa Faidesi

Ine ndine telala. Ndimasoka pakhonde la sitolo ina pa msika wa Sinda, ndipo mphuno yangayi imalidziwa fungo la nayiloni ikapsa ndi simbi. Tsiku lomwe tinapita ku Vubwi, fungo limenelo ndinalimva tisanatuluke n'komwe m'Sinda. Ndinanena. Palibe amene anandimvera.

Ulendowo sunali wokacheza. Yotamu, mwana wa alongo anga aNaphiri, mkazi wake Faidesi anali atanyamuka kubwerera kwawo ku Vubwi, mwana wawo Dalitso kumsana. Nkhani yake inali ya nsawa. Faidesi analima yekha nsawa za chalimbana, anakumba yekha, anathothola yekha, n'kuika m'matumba ndi makoko omwe. Tsiku lina pobwera ku maliro anapeza matumba mulibe m'nyumba. Iye anati watenga ndi Yotamu. Yotamu anati akuba. Ine monga nkhoswe ndinamuitana mnyamatayo, n'kumufunsa tili awiri. Analumbira mpaka kunyambita chala n'kuloza kumwamba, ndipo ndinamukhulupirira.

Tsono malume ake a Faidesi, aMbewe, amalima kutsidya ku Mozambique. Anatumiza mawu kuti abwera kumudzi tsiku limodzi lokha, dzuwa likapendeka abwerera, ndipo ankhoswe a kuchimuna akapanda kuoneka ukwati watha. Tinali titawalephera kale kamodzi. Nkhani ya ukwati siyikambidwa pa foni. Nkhoswe imafika ndi miyendo yake, n'kukhala pamphasa.

Ine ndinati tikwere minibasi, tidzere ku Chipata. Yotamu anakana.

"Amalume, tikafike ngati anthu. Motoka ndili nayo."

Motoka yakeyo ndi kakale, koti chitseko cha kumbuyo umatsegulira kunja. Inali itakhala nthawi yaitali pansi pa mtengo wa mango kwa mnzake wina, akuti ikudikira tayala. M'mawa umenewo inabwera itatsukidwa, ikunyezimira, ndipo m'buti munali masipika atsopano akuluakulu omwe ankagunda mpaka mano kunjenjemera. Ndinafunsa kumene anawatenga. Anati mnzake wamubwereka. Pa mpando wa kumbuyo anayala chitenje chatsopano, cha maluwa achikasu.

"Amama, khalani cha uko," anawauza aNaphiri. "Mbali iyi ndi ya amake Dalitso pobwera."

ANaphiri anafwenthera, koma anasuntha. Ine mtima unandifewa pang'ono, ndisaname. Ndinati mwana uyu mkazi wake amamufuna.

Titangolowa mu msewu waukulu ndinati, "Iwe, pali chimene chikupsa."

"Ndi lupsa, amalume. Anthu akutentha tchire."

Unali mwezi wa Ogasiti, mphepo ili kuthamangitsa fumbi, ndipo utsi unalidi uku ndi uku m'minda. Koma udzu ukapsa sununkha ngati diresi la nayiloni. Ndinanenanso. ANaphiri anati ine ndimakonda kulodza maulendo ndi pakamwa. Ndinatseka pakamwa pangapo, n'kuyamba kubwereza mumtima mawu omwe ndinakonzera aMbewe. Anali mawu abwino, abale. Ndinawasoka sabata yonse.

Tili pafupi kulowa m'Katete, motoka inangozima. Osatsokomola, osadandaula, inangoti zii, nyimbo zokha n'kumapitiriza. Tinatsetsereka mpaka m'mbali mwa msewu. Yotamu anapotokola kiyi, injini ikutembenuka koma osagwira. Anagwada pansi pa chiwongolero, n'kutsegula kabokosi ka mafyuzi, n'kuzula kamodzi kamodzi akuyang'anira kudzuwa. Kena kanali katadukadi mkati, kakuda.

"Ndi ka pampu ya petulo. Nkhani yaing'ono."

Anazula fyuzi ya hutala n'kuika pamenepo. Motoka inalira. Anandiyang'ana ngati wachiritsa wodwala.

M'Katete munali anthu ngati nyerere. Inali sabata ya mwambo wa Kulamba, malole odzaza anthu akukhotera ku Mkaika, amayi atavala zitenje zofanana, anyamata ogulitsa nzimbe akudutsa pakati pa magalimoto. Ife hutala tilibe, Yotamu akungotulutsa mutu pawindo kukuwa. Titakwera hampu ya pafupi ndi msika, motoka inazimanso, pakati penipeni pa msewu. Madalaivala a minibasi anatitukwana mpaka kutchula makolo athu. Ine ndi jekete langa la kutchalitchi ndinatsika kukakankha. Telala wamkulu, nkhoswe, kukankha motoka anthu akuseka!

Tinaiimika kutsogolo kwa sitolo ya zitsulo ya Che Yusufu, mkulu wa ndevu zoyera amene anachokera ku Malawi kalekale. Yotamu anapempha fyuzi. Mkuluyo anayang'ana ziwiri zopsazo m'dzanja lake.

"Zonsezi zapsa lero?"

"Ee."

"Ndiye vuto si fyuzi, mwananga. Pali waya penapake wasupuka, ukukhudza chitsulo. Fyuzi ikufa kuti motoka isapse. Muonetseni wa magetsi."

Wa magetsi wake anali ndi kashedi kuseri kwa msika. Tinapeza loko. Wogulitsa makala pafupi anati wapita ku Mkaika kukalumikiza magetsi m'misasa ya ogulitsa, koma abwera manje manje, ndiye kuti posachedwa. Mawu akuti manje manje a m'Katete ndimawadziwa, komabe tinakhala. Tinakhala pa benchi ya Che Yusufu, mthunzi wa sitolo ukufupika tikuuona. ANaphiri anagula zitumbuwa. Ine sindinadye. Minibasi ya ku Chipata inadzaza n'kunyamuka, ina inadzaza n'kunyamuka, ine ndikungowerama.

"Tiisiye pano motokayi," ndinatero. "Tikwere minibasi."

"Ndiye Faidesi pobwera akwera chiyani?" anatero Yotamu.

"Akwera chimene anakwera popita! Iwe ukuganiza za pobwera, tisanafike n'komwe?"

ANaphiri analowerera. "Achimwene, anthu a ku Vubwi aja amatiyesa amphawi kale. Tikafike wapansi ngati opempha mchere?"

Awiri kulimbana ndi mmodzi. Yotamu anagula mafyuzi odzaza dzanja, ena akuluakulu kuposa oyenera, akuti amenewo sapsa msanga. Che Yusufu anapukusa mutu, n'kundipatsa nambala ya wa magetsi uja. "Bambo, mukamva kutentha, chotsani batire poyamba. Zina pambuyo."

Nthawi inali itatha kale, choncho tinasiya njira ya ku Chipata n'kutenga yachidule ya ku Chadiza. Pa tala motoka inayenda bwino ndithu. Titangoponda fumbi ndi mabampu, zinayamba. Bampu, zii. Yotamu kugwada, kuika fyuzi, kuyenda pang'ono. Bampu, zii. Ndinayamba kuzindikira ndekha kuti chinthucho chikufuna kugwedezeka, pamalo osalala sichivuta. Ndinamuuza kuti waya wosupukawo uli pomwe pakugwedezeka, tiime tiufune. Anati tikaufuna ku Vubwi nkhani itatha. Ngolo ya ng'ombe yonyamula thonje inatipitirira. Tinaipitirira. Inatipitiriranso, mwini wake n'kutikwezera chipewa. Ndinamva manyazi mpaka m'makutu.

Mafyuzi anatha tisanafike pa Chadiza.

Apa ndiye Yotamu anachita chomwe amachita madalaivala onse a kwathu. Anatenga chingwe chakale cha chaja ya foni, n'kuchisenda ndi mano, n'kupota timawaya ta kopa, n'kumanga pa miyendo ya fyuzi yakufa.

"Iyi ndiye siipsa, amalume."

"Nanga chipse n'chiyani m'malo mwake?"

Anaika, motoka inalira, ndipo inayenda. Koma inayenda! Mabampu, maenje, milatho ya matabwa, osazima. Pa Chadiza tinadutsa osaima. Yotamu anakweza nyimbo, aNaphiri n'kumaomba m'manja, akuti, "Mwaona achimwene? Mwanayu ndi wanzeru, anthu amangomuda." Ngakhale ine ndinayamba kuyang'ana dzuwa n'kumati mwina tifika.

Tinali titalowa m'mapiri a ku Vubwi pomwe aNaphiri anayamba kusuntha-suntha.

"Mpando uno ukutentha."

"Ndi dzuwa, amama."

"Dzuwa limatentha kuchokera pansi?"

Fungo lija linabwera lonse nthawi imodzi, lokhakha, lolowa mpaka kukhosi. Nditacheuka ndinaona utsi woyera ukutuluka m'mphepete mwa mpando, pansi pa chitenje cha maluwa achikasu.

"Ima! Ima, iwe!"

ANaphiri anayamba kumenya chitseko, chija chotsegulira kunja. "Mayo ine! Ndikupsa! Nditsegulireni!" Ndinalumpha motoka isanaime bwino, ndinawatsegulira, anagwera mu udzu nsapato imodzi itatsala mkati. Yotamu anazima kiyi n'kuyamba kuthamanga uku ndi uku ndi kabotolo ka madzi akumwa.

"Batire!" ndinakuwa. "Chotsa batire!"

Sipanala analibe. Motoka yonse, masipika a mtengo wapatali, sipanala ayi. Mwayi wake mutu wa batire unali wolobodoka kale, anangoukhomera msomali kuti ugwire. Ndinaugwedeza ndi manja mpaka unazuka. Tinakokola chitenje chija, pakati pali bowo loti mutu wa munthu n'kulowa, m'mbali mukunyeka. Tinathira mchenga m'mphepete mwa mpando. Utsi unachepa, kenako unatha.

Tinaima pamenepo tikupuma ngati agalu. Kumalo kwake kunalibe nyumba pafupi, minda ya thonje yokololedwa kale basi. Ndinakwera pa chulu kufuna netiweki, n'kuimbira wa magetsi uja. Anayankha ng'oma zikumveka kumbuyo kwake. Ndinamufotokozera zonse, ndi za chingwe cha chaja zomwe.

"Aaa, bamdala, mwamanga fyuzi? Ndiye waya wasanduka fyuzi. Batire musabwezere. Yambirani pa bokosi, mugwire mtolo wa mawaya ndi dzanja. Wotentha muutsate, osausiya. Kumene wapsa kwambiri ndi kumene kuli shoti. Mukapeza pang'ono posupuka, mangani tepi. Mukapeza asungunuka agwirana, isiyeni motoka."

Foni inaduka. Ndinavula jekete. Kutsata waya sikusiyana ndi kutsata msoko wophwasuka, umayambira pomwe ulusi waonekera. Pansi pa chiwongolero mtolo unali wofunda, waya umodzi wokha wotentha, chikopa chake chafewa ngati phula. Unatsika cha ku phazi la dalaivala, n'kulowa pansi pa kapeti. Tinazula pulasitiki ya pakhomo, tinakweza kapeti. Kumeneko unali utatupa matuza. Ndinaugwira mosasamala, unandiwotcha chala, chala chomwe ndimakankhira nsalu pa makina. Ndinatukwana mawu omwe sindingawalembe pano. Tinapitiriza, pakhomo la kumbuyo, waya ukunka nuda, mpaka unalowa pansi pa mpando.

"Kweza mpando," ndinatero.

Yotamu anazengereza. "Umavuta kuchotsa, amalume."

"Kweza!"

Sunavute. Anangoukoka, n'kutuluka.

Khoswe wamkulu analumpha n'kudutsa pakati pa miyendo ya aNaphiri, iwo n'kukuwanso. Pansi pa mpando panali chisa. Makoswe anali atatafuna siponji, n'kutafuna mawaya opita ku pampu ya petulo mpaka kopa kuonekera, ndipo pomwe waya unkagunda chitsulo panali pakuda, mawaya onse asungunuka n'kugwirana ngati chingamu. Chivundikiro cha thanki chinali pomwepo, kutalika kwa chikhatho. Alongo anga anakhala pamwamba pa zimenezo kuchokera ku Sinda.

Koma chomwe chinanditseka pakamwa si chimenecho. Chisacho chinali chodzaza makoko a nsawa. Osati a nsawa zokazinga zomwe munthu amatafuna paulendo. Makoko akuluakulu a chalimbana, ena dothi lofiira likadali m'mizere, ochuluka oti n'kudzaza beseni. Ena anali m'kampata kochokera ku buti, momwe makoswe ankadzera. Panalinso tizidutswa ta thumba, ndi kansalu kobiriwira komangira pakamwa pa thumba. Kansalu kameneko ndinakadziwa. Zinali zotsala za yunifomu ya sukulu zomwe ndinamupatsa ndekha Faidesi nthawi yokolola.

Ndinatola makoko odzaza dzanja. Ndinayang'ana masipika m'buti. Ndinamuyang'ana Yotamu.

"Motokayi kwa mnzako kuja inkadikira tayala?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe. Inkadikira tayala, kapena inkadikira mtengo wa nsawa ukwere?"

"Ndimati ndidzabweza, amalume. Ndimati masipika ndizibwereketsa pa maukwati, ndalama zikabwera..."

"Unanyambita chala pamaso panga!"

ANaphiri anayamba, "Achimwene, mwina makoswe anatuta kwina..."

"Alongo, chonde. Lero lokha, chonde."

Anakhala pa mwala, nsapato imodzi kuphazi, n'kuyamba kulira mosatulutsa mawu. Ine ndinakwiya koopsa. Sindinakwiyire nsawa zokha. Mtsikana uja anatchedwa wabodza pamudzi ponse, ine ndemwe ndinamuuza kuti asamanamizire mwamuna wake, ndipo ndinali paulendo wokabwereza zomwezo pamaso pa abale ake, nditavala jekete.

Dzuwa linali litayamba kupendeka. Motoka inali yakufa, tepi sikanathandiza kanthu. Tinaikankhira pambali, Yotamu n'kuthyola nthambi kuika mu msewu. Tinadikira. Kunadutsa njinga yakapalasa yonyamula mbuzi. Kunadutsa amayi a nkhuni, anatipatsa moni n'kutipepesa. Yotamu anayesa kundilankhula, ndinamuuza kuti asunge malovu. Patapita nthawi kunabwera njinga yamoto, mwini wake n'kuimbira mnzake. Ataona jekete ndi nkhope zathu anatchula mtengo wa anthu ofulumira, ndipo sitinatsutse. ANaphiri anakwera ina, ine ndi Yotamu ina, iye pakati, ine kumbuyo nditagwira chitsulo. Njira yonse sindinamukhudze.

Za mapiri a ku Vubwi musandifunse, ndinangoona fumbi ndi khosi la Yotamu.

Tinafika aMbewe atamanga kale katundu pa njinga yawo. Mphasa inali ikupindidwa. Anatiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi: ine malaya akuda ndi mwaye, chala chokulunga kansalu, aNaphiri nsapato yosungunuka chidendene. Tinafikadi ngati anthu.

"Tinayesa simubweranso," anatero.

"Tachedwa, aMbewe. Pepani. Tikupempha mphasa iyalidwenso."

Anayang'ana dzuwa, n'kuyang'ana ine. Anakodola mayi wina, mphasa inayalidwa. Faidesi anatuluka m'nyumba n'kukhala patali pang'ono ndi amayi ake, Dalitso pamiyendo. Mwanayo ataona bambo ake anatambasula manja, amake n'kumugwira.

Titapatsana moni, aMbewe anati, "Mawu ali kwa inu, ankhoswe."

Mawu anga aja, osokedwa sabata yonse, ndinawafuna sindinawapeze. Ndinapisa dzanja m'thumba la jekete, n'kutulutsa makoko ndi kansalu kobiriwira, n'kuika pamphasa.

"Ndinanyamuka ku Sinda kudzanena kuti mwana wathu sanatenge nsawa. Mawu amenewo apsera m'njira. Izi tazipeza m'motoka yake. Amake Dalitso ananena zoona, ife ndife tinalakwa. Zotsala anene yekha mwini wake."

Yotamu ananena. Mawu ankatuluka ngati akuzulidwa, koma ananena zonse, za buti, za mnzake, za masipika. Palibe anamudula. Atamaliza, Faidesi anadzuka, anabwera n'kugwada m'mphepete mwa mphasa, n'kutola khoko limodzi. Analitembenuza m'dzanja. Sanalire, sanakweze mawu.

"Thumba la kansalu kobiriwira linali la mbewu," anatero. "Ndinasankha imodzi imodzi. Chaka chino ndibzala chiyani?"

Ine ndinangoyang'ana chala changa.

AMbewe anakambirana ndi alongo awo, amake Faidesi, chapansipansi, kenako anatembenuka.

"Mukanabwera ndi bodza, lero bwenzi ukwati utatha, chifukwa amene anagula nsawazo ndi munthu wa konkuno, tinamva kale. Mwabwera ndi makoko, ndiye sitiuthetsa. Koma mwana wathu sakwera lero. Mbewu yake ibwere, chalimbana, thumba lodzaza, iye aione ndi maso ake avomere. Ikafika mvula isanagwe, mkazi mutenga. Mvula ikagwa mbewu isanafike, musavutike kubwera."

Anakwera njinga yawo n'kumapita.

Tinabwerera tsiku lotsatira pa lole ya thonje, kudzera ku Chipata, njira yomwe ndinanena poyamba paja. Motoka inakokedwa patapita masiku, ili kuseri kwa msika wa Katete. Wa magetsi akuti mtolo wonse wa kumbuyo ufunika wina, ndipo akamuona Yotamu amangomufunsa ngati chaja ija ikadalipo.

Masipika ali pakhonde panga, pafupi ndi makina, ndawalemba kuti akugulitsidwa. Ndinawafunditsa chitenje cha maluwa achikasu chifukwa cha fumbi, bowo lija n'kuyang'ana kukhoma. Anthu amabwera, amagogoda, amafunsa mtengo, amapita. Nyengo ya maukwati yatha, aliyense akusunga ndalama za feteleza. Mbewu ya chalimbana nayo yakwera, amene ali nayo sakufuna kuitulutsa. Yotamu akuumba njerwa kwa anthu, thumba la mbewu lafika pakati. Madzulo amadutsa pano manja ali ong'aluka, amakweza chitenje kuona ngati masipika akadalipo, ndipo sitilankhulana zambiri.

Tsopano ndi Okutobala, kutentha kwafika poipa. Dzulo masana mitambo inasonkhana cha ku mapiri a Katete, mphepo n'kubweretsa kafungo ka dothi lonyowa. Msika wonse unasangalala, amayi a tomato mpaka kululuta. Ine ndinaimitsa makina n'kutuluka pabwalo. Ndine mwana wa mlimi, moyo wanga wonse ndakhala ndikupempha mvula. Dzulo ndinayang'ana kumwamba n'kunena kuti, chonde, dikirani pang'ono.